Mphini pa Bondo la Chitsulo

Rukiya analimvanso phokoso lija ali kukhitchini. Linali laling'ono, ngati supuni ikamagunda m'kapu yopanda tiyi, ndipo linkachokera m'bondo la mchimwene wake wamkulu, Sufiyani. Anasuzumira pakhonde. Sufiyani anali atanyamula mwendo wamanja ndi manja onse awiri, kuuika pa chopondera cha makina ake osokera, n'kuyamba kupalasa. Singano inatsika kangapo pa yunifomu ya mwana wa aneba, kenaka inaima.

"Laliranso, achimwene," anatero Rukiya.

"Ndi wailesi yanga imeneyi, chemwali. Enanu mumavutika kugula mabatire."

Rukiya sanaseke. Bondo limenelo silinali la mafupa ngati la anthu ena. Sufiyani anabadwa ndi magazi osaundana. Akadzicheka pang'ono, magazi ankatuluka mpaka anthu kusowa nsalu zomangira, ndipo nthawi zina ankatulukira m'kati, n'kudzaza m'mawondo. Mchimwene wawo woyamba, Ajibu, anapita ku jando ali mwana ndipo sanabwereko. Kumudzi kwawo ku Ntaja nkhaniyo sinkatchulidwa, koma bambo awo anakaniratu kuti Sufiyani apite kumeneko. Atasinkhuka anamutumiza kwa m'bale wawo amene ankasoka zovala ku Joni. Madokotala a kumeneko ndi amene anatchula dzina la matendawo, himofiliya, ndipo bondo lamanja litatheratu kudyeka, analichotsa n'kuikamo lachitsulo. Mapepala okhalira ku Joni atatha, Sufiyani anabwera kumudzi akuyenda mowongoka, ana a pa Ntaja akumulondola kuti aone munthu wa bondo lachitsulo. Tsopano, m'chaka cha 1990, chitsulocho chinali chitayamba kugwedera m'fupa. Bondo lamanzere nalo linali lofooka kuyambira kale, choncho ntchito yonse ya makina inkadalira lachitsulolo.

Dokotala wa mafupa pa chipatala chachikulu ku Blantyre anali atayenda m'maofesi mpaka Sufiyani anapatsidwa mwayi wobwerera ku Joni kuti akamuike bondo lina. Tsiku limene ankawauza zimenezi Rukiya analipo, ndipo anafunsa mafunso mpaka nesi anayamba kuyang'ana wotchi. Dokotalayo sanabise kuti opaleshoni yachiwiri ndi yovuta kuposa yoyamba, chifukwa fupa limakhala litatsala lochepa, komanso pamafunika mankhwala oundanitsa magazi amene kuno kunalibe. Chinthu chimodzi anachibwereza: khungu la mwendowo lisakhale ndi bala, ngakhale laling'ono. Tizilombo tikalowa pabala timakakhazikika pachitsulo, pamene mankhwala safika bwino, ndipo palibe dokotala angaike bondo latsopano pamalo pamene pali mafinya.

Kuyambira pamenepo Sufiyani ankakhala kwa Rukiya ku Balaka, pafupi ndi sitima ya ku Blantyre, kudikira tsiku. Rukiya anachotsa mipeni yonse poonekera. Ankasesa pabwalo m'mawa ndi madzulo, kutola timabotolo tosweka ndi timawaya. Neti ya udzudzu ya kuchipinda kwake anakaimangira mlendoyo kuti asamadzikande. Mwamuna wake Hamadi, kalaliki wa pa siteshoni, ankamuseka kuti nyumba yasanduka wodi, kwatsala n'kuika belu la nthawi yoonera odwala.

Koma panali china chimene Rukiya ankayang'ana osauza munthu. Mwana wake Chande anali atayamba kukwawa, ndipo pamawondo ake pankaoneka malo obiriwira, aakulu ngati chivundikiro cha botolo, amene ankachedwa kutha. Ku Blantyre kuja Rukiya anamva bwinobwino kuti matendawa amadzera mwa amayi n'kukagwira ana aamuna. Tsiku lina Sufiyani atamunyamula mwanayo, anayendetsa chala chachikulu pa malo amodzi otero, n'kuyang'ana mchemwali wake. Rukiya anangomulanda mwanayo, nati nthawi yosamba yakwana.

Uthenga wa ku Ntaja unabwera ndi dalaivala wa lole ya thonje. Mayi awo, Abiti Sumani, anali atakonza sadaka ya malemu bambo awo, ndipo ankati mwana sangawoloke malire kukachekedwa asanatsanzike pakhomo pamene anabadwira. Rukiya anakana. Anatchula msewu wa mabampu, anatchula minga, anatchula kuti pa Ntaja chipatala chenicheni chili kutali. Hamadi anamukumbutsa kuti sadaka ya bambo munthu sakana, ndipo iye monga mkamwini sankafuna kumveka kuti watsekera mwana wa eni m'nyumba mwake. Sufiyani anawasiya alankhule, kenaka anayankha motsitsa mawu.

"Akakandigoneka paja, Rukiya, sindikudziwa ngati ndikadzuke. Ulendo woyamba ndinali mnyamata, sindinkadziwa chimene ndikuvomera. Pano ndikudziwa. Ndikawaone amayi."

Rukiya anati ngati ndi choncho, apita nawo.

Pa depoti anyamata a chipani anaima pakhomo pa basi kuona makhadi a chipani. Rukiya anamasula kampango n'kuonetsa onse, ndi la Chande lomwe. Mpaka pa Liwonde ulendo unali wabwino. Atapatukira ku Ntaja basi inayamba kudumpha, ndipo Sufiyani anagwira mpando wakutsogolo, mano atalumana. Pofika, bondo linali litatupa ngati dzungu, lotentha, khungu likunyezimira.

Abiti Sumani anali mayi wamfupi, wa zikhato zong'aluka ndi ntchito ya m'munda wa thonje. Anagwada pamphasa n'kuika dzanja pabondopo. Kenaka anati muli magazi oipa m'menemo. Rukiya anavomera kuti magazi alimodi, koma asakhudzidwe. Aphwa okha mwendo ukapuma. Anafotokoza zonse za dokotala, m'Chiyao, pang'onopang'ono, mpaka za tizilombo tokhala pachitsulo.

"Ali wamng'ono uyu ndinamuberekera ku Zomba," anatero mayiwo. "Anamubaya chijakisoni chachikulu, kukoka magazi akuda bii, ine ndikuona. Tsiku limenelo mwana anagona tulo. Che Bakari nawonso amakoka, kungoti iwo amakoka ndi nyanga. Kusiyana kwake n'kotani? Yunifomu?"

Che Bakari anali mkulu wa m'mudzimo wodziwa kutema mphini ndi kulumika. Ankatema pang'ono ndi lezala pamalo potupa, kuikapo nyanga, kuyamwa mpweya kuti magazi atuluke, n'kupakapo mankhwala akuda. Theka la mudzi linali ndi timizere take pamsana kapena m'miyendo, Rukiya yemwe anali nato m'mbali mwa maso kuyambira ali mwana wodwaladwala mutu.

Rukiya anayankha kuti ku Zomba kuja singano inali yowiritsa, ndipo pambuyo pake anamuika magazi a munthu wina. Mayi ake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati sukulu ija inangomuphunzitsa mantha. Koma sanatsutsenso. Anati chabwino, n'kudzuka kukaona mbuzi ya sadaka. Rukiya sanakondwe naye chabwino ameneyo. Anabwera msanga kwambiri.

M'mawa mwake pakhomo panadzaza. Amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi ashehe, kuyamba duwa, pemphero lopempherera malemuwo. Akazi anali kuseri, pa miphika ya mpunga. Rukiya, monga mwana wa pakhomopo, sakanatha kukhala pansi. Ankapeta mpunga, kulonjera azakhali, kusonkhezera moto, koma maso ake ankabwerera pakhonde pamene Sufiyani anagona pamphasa, ndodo yake itatsamira khoma. Nkhope yake inali itachita mbuu. Chakudya cham'mawa anachikana.

Dzuwa litakwera madzi anatha, ndipo azakhali ena anamupatsa Rukiya ndowa. Anayang'ana uku ndi uku kufuna woti amutume, koma atsikana onse anali atapita kale kukatenga mbale kwa aneba. Anabereka Chande n'kuthamangira kumjigo. Kunali mzere. Akazi a kumeneko anafuna kumva za ku Balaka, za mtengo wa zitenje, za chifukwa chake mwanayo amangokhala kumsana ngati alibe miyendo. Rukiya ankayankha mawu amodziamodzi.

Pobwera anapeza mphasa ili yokha. Ndodo inali pomwe paja, itatsamira khoma.

Anatula ndowa pakati pa bwalo n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, ku mpanda wa udzu wa kubafa. Sufiyani anali atakhala pa mtondo wogonekedwa. Che Bakari anagwada patsogolo pake, nyanga ili m'manja, lezala ili pa tsamba pansi. Kuzungulira bondo lonse kunali timizere ta mphini, tolongosoka bwino ngati msoko wa telala waluso. Mankhwala akuda anali atapakidwa kale, koma magazi ankawakokolola, kutsika nawo mwendo wonse mpaka kuchidendene. Mchenga unali utaleka kuwamwa. Abiti Sumani ankapukuta ndi mpango wawo wa kumutu, uku akupukuta, uku akutuluka.

"Amaleka okha," ankatero Che Bakari, osayang'ana munthu. "Amaleka okha awa. Zaka zonsezi amaleka okha."

Rukiya sanakuwe. Anamasula Chande n'kumupereka kwa mayi ake, kuti manja awo achoke pabondopo. Anang'amba chitenje chake chapamwamba, kupinda, kukanikiza ndi mphamvu zake zonse, n'kuuza Che Bakari kuti akweze mwendowo m'mwamba. Mkuluyo anamvera ngati mwana.

"Achimwene, anakukakamizani?"

Sufiyani anapukusa mutu. "Ndinangofuna lileke kupweteka, Rukiya. Tsiku limodzi lokha. Amayi analira, ine ndinati mwina likaphwa, sakandichekanso kuja."

Nsalu ija inanyowa, anaikapo ina pamwamba. Mawu anafika pansi pa mango, ndipo ashehe anadula duwa pakati n'kutuma anthu kumsewu. Anaimitsa lole ya thonje yopita ku Liwonde. Amuna anamunyamula Sufiyani pa chitseko n'kumugoneka pamwamba pa mabelo, Rukiya atagwada pambali pake, manja osachoka pabondo. Pamene lole inkanyamuka anaona mayi ake ataima pakati pa msewu opanda mpango kumutu, pamaso pa amuna onse aja, ndipo kumbuyo kwawo mpunga unkapserera pamoto. Chande anamukweza kutsogolo ndi azakhali.

Pachipatala cha pa boma anamumanga bwino n'kumutumiza ku Zomba. Hamadi anafika tsiku lotsatira ndi anzake a pa siteshoni, onse kudzapereka magazi. Nthabwala za wodi zija sanazitchulenso. Magazi otuluka pabondo anayamba kuchepa, kenaka analeka. Rukiya ankagona pakhonde la wodi ndi amayi ena odikirira odwala, ndipo m'mawa uliwonse, nesi asanafike, ankawerama n'kununkhiza bandeji. Kwa kanthawi inkangomveka fungo la mankhwala. Anayamba kudziuza kuti mwina apulumuka, kuti timabala tating'ono chotero sitingafike pachitsulo. Kenaka Sufiyani anayamba kutentha thupi, ndipo m'mawa wina Rukiya atawerama anamva fungo lina, anadzuka msanga n'kutuluka panja. Anakaima kuseri kwa thanki ya madzi mpaka Chande anayamba kulira.

Atamutumiza ku Blantyre, dokotala uja anayang'ana timizere tija nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo Rukiya anaona kuti kukalipa kukanakhala bwino. Anangoti ulendo wa ku Joni ulipobe, koma opaleshoni yasintha. Akachotsa chitsulo chakale, kutsuka mafinya, n'kulumikiza mafupa awiriwo kuti agwirane. Bondo sipadzakhalanso. Mwendo udzakhala wowongoka mpaka kalekale, ndipo zimenezo zinali ngati zonse zikayenda bwino.

Sufiyani anafunsa ngati adzathe kupalasa makina.

Dokotala anayang'ana bondo lamanzere, analipinda pang'ono, n'kulisiya. Anati sakufuna kumunamiza.

Sufiyani anapita ku Joni mwezi wotentha, anabwera mvula itagwa kale, chimanga chikufika m'chiuno. Hamadi anakamulandira ku sitima ndi njinga, koma mwendowo sunalole kukhala pa kaliyala, choncho anayenda wapansi pang'onopang'ono, anthu a pamsika akupatuka. Pakhonde Rukiya anali ataikapo bokosi la sopo loti mwendo uzitsamirapo. Makina anali pakona, atafunditsidwa nsalu. Aneba anali atayamba kupereka mayunifomu awo kwa telala wa pakhonde la golosale, ndipo akamadutsa ankalonjera mofulumira.

Abiti Sumani anabwera ku Balaka patapita milungu ingapo, atasenza mpunga, nsomba zouma za ku nyanja ya Chiuta ndi kathumba ka thonje lotsalira m'munda. Anali atachepa thupi. M'nyumba anakana kulowa. Anakhala m'mphepete mwa khonde, kumapazi kwa mwana wawo. Anauyang'ana mwendowo, wowongoka ngati munsi, chipsera chachitali chikudutsa pakati pa timizere ta Che Bakari. Anafunsa ngati ukupweteka. Sufiyani anati ayi, umenewo ndiye ubwino wake. Za tsiku la sadaka palibe anazitchula.

Chande anali atayamba kuyenda mogwira zinthu. Anadzandira mpaka kwa agogo ake, iwo n'kumukweza pamiyendo. Bondo lake lamanzere linali lotupa pang'ono, lofunda. Chala cha mayiwo chinapita pomwepo chokha, chinakhudza, n'kubwerera msanga.

Kenaka mayiwo anayamba nkhani imene anadzera. Anati akuona kuti Rukiya ndi woyembekezera, ndipo mwambo ndi wodziwika: mwana akaleka kuyamwa chifukwa cha mnzake, amapita kwa agogo ake. Kwawo kwa Chande ndi ku Ntaja, kwa mayi ake, osati m'nyumba ya lendi pafupi ndi njanji. Iwo akhala okha m'nyumba muja kokwanira.

"Sindidzamutema," anatero. "Ndalumbira pamaso pa Mulungu. Lezala m'nyumba mwanga mulibenso."

"Inu ndikukhulupirirani, amayi," anayankha Rukiya. "Nanga tsiku limene mudzapite kumaliro n'kumusiya ndi azakhali, bondo litatupa? Nanga akadzakula, ng'oma za jando zikadzalira, anzake onse akupita? Mudzaima pakhomo nokha?"

Mayiwo anatembenukira kwa Sufiyani. Anati mjomba wa mwanayo ndi iye, mwini mbumba ndi iye, anene yekha.

Sufiyani anayang'ana mwanayo, amene ankakoka mkanda wa agogo ake.

"Ajibu tinamupereka, amayi. Ine ndinadzipereka ndekha. Uyu adzakulira pano, pafupi ndi sitima ya ku Blantyre. Ku Ntaja azibwera ali ndi mayi ake, ndipo azibwerera ndi mayi ake."

Aka kanali koyamba dzina la Ajibu kutchulidwa pamaso pawo kuyambira chaka chija. Abiti Sumani anamutsitsa mwanayo bwinobwino, kumuimika pamphasa osati pasimenti, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Madzulo a tsiku limenelo Sufiyani anauza Rukiya kuti avundukule makina. Anamutuma thumba la tinsalu totsala, n'kusankha ta kaki, tolimba. Anayeza bondo la Chande ndi zala, kudula tizidutswa tozungulira, n'kumuuza mchemwali wake akhale pampando. Rukiya anali asanapalasepo makina. Gudumu linkabwerera m'mbuyo, ulusi n'kumaduka, ndipo Sufiyani, atakhala chammbali mwendo uli pabokosi, anamuuza kuti Fomu 4 yonse ija yathera pamutu, kumapazi sikunafike kanthu. Kenaka mapazi anagwira kayendedwe kake. Iye ankapalasa, Sufiyani ankawongolera nsalu pansi pa singano.

Panafunika choika m'kati kuti tikhale tofewa. Asanafunse, Abiti Sumani anamasula kathumba kawo ka thonje. Anakhala pomwe paja m'mphepete mwa khonde, kuchotsa njere imodziimodzi, kufewetsa thonjelo ndi zala, n'kumapereka.

Atatha, Rukiya anamumanga Chande totetezera mawondoto. Mwanayo anayenda masitepe angapo, kugwa chogwada, n'kuseka. Akuluakulu onse atatu sanaseke. Ankayang'ana pamene wagwera. Sufiyani anakoka mwendo wake ndi manja awiri kuti autsitse pabokosi, ndipo Rukiya anapezeka akutchera khutu monga ankachitira kale. Sipanamveke kanthu.